Sitima Wakana Kudya

Mudzi wa Kachigwada,
Dzoole,
P.O. Mponela.
16 Meyi 1971.

Okondedwa achimwene a Felton,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu Iness. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Halaleko ndi kuti azungu anu akukusunganibe. Kuno tilipo, kungoti mwana wanga Monika ali ndi kachifuwa ka chisanu. Chimanga talowetsa m'nkhokwe, tsopano tili pa mtedza, n'chifukwa chake ndachedwa kulemba.

Popeza bwana wanu anakukanizani kubwera ku maliro a amayi, ndikufotokozereni zimene zinatsatira. Mwezi watha amalume a Elifala anasonkhanitsa abale a mbali zonse ziwiri kuti awasudzule abambo. Anayankhula mwaulemu ndithu. Anati, "A Obadiya, munabwera m'mudzi muno muli mnyamata kudzakwatira mlongo wathu Tabita. Mwamusunga mpaka Mulungu wamutenga. Ife tilibe nanu chifukwa, ndinu mfulu." Abambo anangowomba m'manja. Lolemba lake anamangirira panjinga bokosi lawo la zipangizo za ukalipentala, bulangete ndi Baibulo, uyo ulendo wa kwawo ku Ntchisi. Achimwene, munthu wotibala, wokhala m'mudzi muno zaka zonsezi, n'kuchoka ngati wodzagula nkhuku! Sanacheuke n'komwe. Ndisakubisireni, zinandiwawa kwambiri.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi Sitima, galu wa abambo uja munamusiya ali kamwana. Sanapite naye. Anamumangirira ku mtengo wa mango kuti asawatsatire, nati ndidzamumasule akazolowera. Ndinamumasula, koma kudya wakana. Ndikamuikira nsima yothira msuzi amanunkhiza, n'kundiyang'ana, n'kuchokapo, nkhuku n'kumadyerera. Madzi akumwa. Nthawi zina amanyambita pang'ono pamene palibe womuona, basi. Galu amene ankathamangitsa anyani kumunda yekhayekha, lero nthiti zake mukhoza kuziwerenga muli patali.

Amalume ayamba kunena kuti galu wowonda chotere, wokana kudya, mathero ake n'chiwewe, ndipo pakhomo pali ana. Akuti akapanda kusintha amukhoma ndi chibonga. Ine sindikufuna zimenezo. Chinthu cha abambo chimene chatsala pano ndi iyeyu.

Inu mumasamala agalu a azungu kumeneko, ndiye mundiuze chochita msanga. Mukapeza kangachepe mutikumbukirenso, Monika juzi yake yamuthina.

Ndine mlongo wanu,
Iness.


Mudzi wa Mpanang'ombe,
P.O. Ntchisi.
28 Meyi 1971.

Iness mwana wanga,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndinafika bwino. Ndikukhala kwa Faines, mwana wa malemu mlongo wanga. Anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo fodya, ndakakonza, sikadontha. Akundisunga bwino, palibe chodandaula. Kumapiri kuno kukuzizira kuposa kwanuko, ndipo tchalitchi chili patali, njira yake ndi chitunda chokhachokha.

Kodi Sitima ali bwanji? Akudya? Usamamumange nthawi yaitali, khosi lake limanyuka. Uzimuyang'ananso m'makutu, nkhupakupa zimamukonda.

Ndakumbukira kuti chitseko cha khola la mbuzi chinayamba kugwedera ine ndisanachoke. Mwamuna wako Lester ndi mlimi wabwino, koma hamala imamukana. Ngati chavuta undiuze. Mpando wa alamu anga a Elifala nawonso ndinausiya wopanda mwendo umodzi. Njinga yanga ili bwino, ndagula tcheni chatsopano ku boma. Ulendo wa kumeneko si wautali monga anthu amanenera.

Upereke moni kwa Lester, kwa Monika ndi kwa onse ondifunsa, ngati alipo.

Ndine bambo wako,
Obadiya.


Salisbury,
Rodeshiya.
3 Juni 1971.

Iness mlongo wanga,

Moni kwa iwe, alamu anga a Lester ndi Monika. Ine ndili bwino, mimba yokha ndiyo ikukula chifukwa cholawa zophika zanga zomwe. Kalata yako ndalandira. M'katimu muli kapepala ka positi, ukatenge ku Mponela ugule juzi ya mwanayo, zotsala zikhale za wodwala wathu.

Wafunsa munthu woyenera. Bwana wanga ali ndi agalu awiri, onenepa ngati mathole. Mmodzi akangoyetsemula amakwera galimoto kupita kwa dokotala wake, pamene ine ndikagwidwa malungo madamu amandipatsa piritsi n'kundikumbutsa kuti mbale zikudikira. Ndiye poti wonyamula agaluwo amakhala ine, zambiri ndazimva ndi makutu angawa.

Choyamba umutsegule kukamwa. Kawirikawiri galu amakana kudya chifukwa fupa lamutsamira kapena dzino lavunda. Ngati mulibe kanthu, ndiye ndi njoka za m'mimba. Upite naye kwa alangizi a ziweto tsiku losambitsa ng'ombe ku dibi, akamuone, akakupatse mankhwala. Iwowo ndi amenenso angawauze amalume ngati chili chiwewe kapena ayi, osati zongoganizirazi.

Pa zakudya, leka kumuunjikira chimtanda chozizira ngati waganyu. Galu wowonda amaopa mbale yodzaza. Uzimupatsa pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Phala la mgaiwa lofunda, osati lotentha, usinjiremo usipa kuti fungo limukope. Tsiku lina usweremo dzira, tsiku lina nsinjiro pang'ono. Ukapita ku Mponela upemphe mafupa kwa opha ng'ombe, uwiritse, msuziwo uzithira m'phalamo. Akakana usamukakamize, chotsa mbale, uyesenso nthawi ina. Ndipo uzimudyetsera poduka mphepo, kutali ndi nkhuku zako zopanda mwambozo.

Za abambo usadzivute. Mwamuna akakalamba mtima umathamangira kwawo. Ineyo pano, ndi magetsi onsewa, ndimalota Dzoole. Akhala akamwini moyo wawo wonse, asiye akapume pakati pa abale awo. Kusacheuka ndi khalidwe lawo. Sukukumbukira tsiku limene ndinkanyamuka ine? Anangondigwira chanza n'kubwerera ku matabwa awo.

Undiuze mmene zikuyendera.

Ndine mlongo wako,
Felton.


Dzoole,
27 Juni 1971.

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndi kapepala kaja zinafika, zikomo kwambiri. Monika juzi yake savula ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Malangizo anu ndatsata onse, ndipo mudzi wonse wasekapo. Ku Mponela ndinapita, khadi la chipani lili m'manja kuti ndilowe mumsika, n'kubwerako nditasenza mafupa ngati fisi. Tsiku limene ndinaswera galu dzira, a Lester anati nawonso ayamba kukana nsima kuti aone ngati dzira lingawapeze. Ku dibi ndinapita naye pa ngolo ya anzathu poti kuyenda akulefuka. Alangizi anamutsegula kukamwa, mulibe fupa, mano ali bwinobwino. Anati si chiwewe. Anatipatsa mankhwala a njoka, ndipo njokazo zinatulukadi. Nkhupakupa tinazula. Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndikuti basi vuto talipeza.

Koma achimwene, palibe chimene chasintha kwenikweni. Phala lanu la usipa limanunkhira moti ine ndemwe malovu amadzaza m'kamwa, koma iye amanyambita kawiri katatu n'kutembenuka. Amapita kukagona pa utuchi m'chisakasa chimene abambo ankapaliramo matabwa, maso ali kunjira. Ubweya wayamba kuthothoka m'chiuno.

Amalume sanakhutire. Akuti alangiziwo amagona kutali, galu akadzaluma mwana sadzakhalapo. Ndawachonderera, ndiye avomera kudikira mpaka titamaliza kugulitsa mtedza. Sikuti ndi ankhanza, mukuwadziwa, koma akanena chinthu sabwerera.

Abambo analemba. Ndinatsegula kalatayo ndikuti mwina anena kuti atisowa. Mukudziwa zimene zinalimo? Galu, chitseko cha khola, mpando wa amalume, tcheni cha njinga. Ine mwana wawo sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji. Akuti akusungidwa bwino, palibe chodandaula. Chabwino, akhale. Chitsekocho a Lester anachimanga ndi luzi, chikutsekeka. Sindinawayankhe, ndipo sindiwayankha mpaka mtima utazizira, chifukwa ndikalemba lero ndilemba zoti ndidzachita nazo manyazi. Komanso ndiwauza chiyani za galu wawo?

Ngati muli ndi nzeru ina tumizani. Zanga zatha.

Ndine mlongo wanu,
Iness.


Salisbury,
12 Julayi 1971.

Okondedwa abambo,

Ndikupereka moni mwaulemu, ine mwana wanu Felton. Ndamva kwa Iness kuti munafika bwino ndi kuti akukusungani bwino. Ndakondwa kuti tsopano mukupuma pakati pa abale anu, kwanu kwenikweni, mutagwira ntchito zaka zambiri kwa eni ake. Pepani kuti sindinathe kudzaika nawo maliro a amayi. Zimandipweteka mpaka lero.

Abambo, Iness akuopa kukuuzani, ndiye ndikuuzeni ndine. Sitima sali bwino. Chichokereni inu akungonyambita chakudya, wangotsala mafupa okhaokha. Alangizi a ziweto amuona, akuti si chiwewe, mankhwala a njoka wamwa, koma kudya ayi. Tayesa phala la usipa, mazira, msuzi wa mafupa, zonse zimene ndikudziwa ine. Amalume akuti mtedza ukatha kugulitsidwa amupha, kuopa ana.

Inu ndi amene munamulera. Kodi munkamupatsa chiyani chimene ife sitikuchidziwa? Kapena pali kamtengo kena kamene munkamuthirira m'chakudya? Mundiyankhe msanga kuti ndimuuze Iness. Mundiuzenso chimene mukusowa, ndikudziwa kuti kumapiriko kumazizira. Ndikhoza kutumiza jasi ndi mnzanga wina wa ku Mvera amene akubwera mwezi wamawa.

Ndine mwana wanu,
Felton.


Mpanang'ombe,
30 Julayi 1971.

Felton mwana wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako inakhalitsa ku sitolo kumene timalandirira makalata, ndaiona dzana. Za jasi usavutike, bulangete ndili nalo.

Nkhani ya Sitima yandimvetsa chisoni. Palibe mtengo uliwonse, ndipo chakudya chake n'chomwecho chimene timadya tonse. Vuto ndi dzanja. Chaka chimene unapita ku Halale kunabuka akuba mbuzi amene ankaponyera agalu nyama yothira poizoni. Agalu ambiri m'mudzi anatha. Ndiye ine ndinamuphunzitsa kuyambira ali kamwana kuti asadye chapansi kapena cha m'mbale, koma chokhacho chimene ndamupatsa ndi dzanja langa. Ndinkayamba kudya ndine, iye atakhala pambali, kenako ndinkaumba nthongo, kuviika mu ndiwo, n'kumupatsa. Ngakhale mayi ako sankamudyetsa, iwo ankangobweretsa chakudya ku chisakasa n'kubwerera. Iness sangazidziwe zimenezi, poti ndinkadyera kumeneko ndekha monga achitira amuna. Galuyo sakudwala, akusunga lamulo limene ndinamupatsa.

Udzafunsa kuti bwanji sindinanene pochoka. Mwana wanga, ndinkayesa kuti sindikhalitsa kuno.

Walemba kuti ndikupuma kwathu kwenikweni. Ndikuuze zoona poti ndiwe mwamuna. Amene ankandidziwa m'mudzi muno onse ali kumanda. Ana a Faines amanditchula kuti agogo a ku Dowa. Faines ndi mwana wabwino, koma amandisamala ngati mlendo amene achoka mawa. Munda ndilibe, mtengo wobzala ine kulibe. Kwathu ndi kumene kwagona mayi ako.

Koma mkamwini sapempha malo. Mwambo wake ndi wakuti akamusudzula, ana ake ndiwo amanena pamaso pa anthu kuti bambo athu sapita, tiwasunga ndife. Tsiku lija alamu anga atamaliza mawu awo anakhala chete kanthawi ndithu. Ine ndinaweramitsa mutu, ndikudikira. Palibe anayankhula, ndiye ndinawomba m'manja. Sindikuimba mlandu munthu. Iwe unali kutali, Iness ali ndi banja lake loti alisamale. Galu ndinamusiya dala, kuti mwina tsiku lina wina adzanene kuti bwerani mudzamuone.

Umuuze Iness achite chonchi. Atenge chakudya chake akadyere m'chisakasa, atakhala pa benchi langa, osamuyang'ana galuyo. Akatha amupatse nthongo ndi dzanja. Mwina alandira. Zikakanika, uwapemphe a Elifala achite mwamsanga asamuzunze, ndipo amukwirire, asakamutaye kutchire.

Zinazi ndauza iwe wekha. Iness usamusenzetse.

Ndine bambo wako,
Obadiya.


Salisbury,
14 Ogasiti 1971.

Iness,

Moni, koma lero moni wanga ndi wamfupi. Khala pansi uwerenge bwino. Ndinalembera abambo za galu ndipo ayankha. Andiletsa kukuuza zina, koma pa ichi chokha sindiwamvera.

Sitima anaphunzitsidwa kudya za m'dzanja la abambo zokha, kuopa poizoni wa akuba. N'chifukwa chake mbale akuikana. Abambo akuti uzikadyera m'chisakasa pa benchi lawo, usamuyang'ane, ukatha uumbe nthongo umupatse ndi dzanja. Yamba lero lomwe. Nzeru zanga zonse za kwa azungu zinali zongokutopetsa.

Chachikulu ndi ichi. Abambo sanafune kupita ku Ntchisi. Tsiku lowasudzula ankadikira kuti mwana wawo anene kuti asapite, poti iwo monga mkamwini sakanatha kudzipemphera. Kumeneko ndi alendo, palibe amawadziwa. Tenga kalata imene inakukwiyitsa ija uiwerengenso. Munthu wodziwa kuti sadzabwerera sangamawerenge zitseko ndi mipando imene anasiya yosakonza.

Nditangomva ndinakwiya nawe, ndinati Iness anali pomwepo, anatsekeranji pakamwa? Kenako ndinakumbukira kuti mwana woyamba ndine, ndipo m'kalata yanga ya chipepeso ndinalemba za bokosi, za nsalu, za ufa wa anthu a pamaliro, koma za abambo sindinalembe liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku limene ndinawerenga kalata ya abamboyo ndinapsereza nyama ya bwana, madamu anayesa ndaledzera.

Ndiye upite kwa amalume uwawerengere mawu awa. Ine Felton, mwana wa mlongo wanu Tabita, pamodzi ndi Iness, tikupempha kuti bambo athu a Obadiya abwerere m'mudzi mwathu. Tiwasunga ndife mpaka Mulungu adzawaitane, ndipo adzagone pafupi ndi mkazi wawo.

Amalume akavomera musalembe kalata ayi. Abambo anachoka pamaso pa anthu, mukawatengenso pamaso pa anthu. Za basi ndaikamo. Fulumira, mlongo wanga, ndikudziwa kuti mtedza watsala pang'ono kutha.

Felton.


Dzoole,
6 Seputembala 1971.

Okondedwa achimwene,

Moni. Tonse tili bwino, ndipo Sitima akadali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mtima wanu ukhale pansi.

Kalata yanu ndinakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe ndipo ndinalira ngati maliro ayambiranso. Mukufunsa kuti ndinatsekeranji pakamwa. Achimwene, mawu anali pakhosi penipeni. Koma pabwalo panali akuluakulu okhaokha, amalume atangomaliza kuyankhula, ndiye ine mwana wamkazi ndiimirire ndiwadule? Ndinkayesa kuti zinakambidwa kale, ndi kuti abambo eni ake ndiwo anapempha kupita. Nditaona akuwomba m'manja ndinati basi, atopa nafe.

Ndinapita kwa amalume n'kuwawerengera. Anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Anati, "Iwe mwana iwe! Ine tsiku lija ndinasiya dala mpata, ndinakuyang'ana mpaka khosi kuwawa, iwe maso ali pansi ngati wataya singano. Ndinkati mwatopa nawo bambo anu. Nanga ine ndikanawakakamira bwanji alamu, ana awo ali chete? Anthu akanati Elifala akufuna kalipentala waulere." Ndinati, "Nanga bwanji simunandifunse, amalume?" Iwo anati, "Nanga iwe bwanji sunandifunse?" Tinangoyang'anana. Za chibonga sanazitchulenso.

Zodyera m'chisakasa ndinayesa. Sitima anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako analandira nthongo imodzi ndi nsonga za mano ngati wakuba. Yachiwiri anakana. Koma imodzimodzi yomweyo tsiku ndi tsiku ndiyo yamufikitsa lero.

Lachinayi tinanyamuka ndi amalume, pa basi mpaka ku boma la Ntchisi, kwinako wapansi. Mapiri ake, achimwene! Amalume ankapuma pa mwala uliwonse, akudabwa kuti munthu wochokera kumwamba kotere anatsika bwanji kudzafunsira mbeta ku Dzoole.

Abambo tinawapeza pakhonde akusema mpini. Awonda. Kolala ya malaya ikungozungulira khosi. Atationa anaimirira mpini uli m'manja, mawu oyamba n'kuti, "Wafa?" Sindinakwiyenso. Ndinati, "Ali moyo, akukudikirani."

A Faines anaitana abale, tinakhala pansi. Amalume ananena mawu anu aja, kenako anandiyang'ana. Ulendo uno maso sindinagwetse. Ndinati, "Abambo, tabwera kudzakutengani. Tiyeni kwanu." Abambo anapukuta magalasi awo ndi malaya mpaka ndinaopa kuti awaswa. Kenako anati, "Ndamva. Ndimalize kaye mpini wa Faines uwu, ndinamulonjeza." A Faines nawo misozi inali chuchuchu, akuti ankadabwa chifukwa chake mbale za abambowo zinkabwerera zisanathe.

Abambo akuti afika Lachitatu pa njinga yawo, kukwera basi akana. Ine ndikuzira m'nyumba ya amayi, a Lester akufolera pamene pankadontha. Pempherani kuti galuyo apirire mpaka tsikulo, chifukwa dzulo walephera kuimirira.

Ndine mlongo wanu,
Iness.


Mudzi wa Kachigwada,
Dzoole,
P.O. Mponela.
25 Okutobala 1971.

Felton mwana wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Uone pamwamba pa kalatayi kumene ndikulembera. Sunandimvere, ndipo ndakukhululukira.

Ndinafika dzuwa likupendeka. Anthu anandichingamira kumsewu, koma ine ndinangotsamiritsa njinga n'kulunjika ku chisakasa, moni ndinapereka pambuyo. Ndinamupeza atagona pa utuchi. Kuimirira sanathe. Anangomenya mchira pansi, n'kukwawa chamimba mpaka anaika chibwano pa nsapato yanga. Ndisakunamize, ndinalira pamaso pa Lester, mkamwini wanga.

Malangizo ako sanapite pachabe. Mimba yake inali itafota, ndikanamupatsa nsima yambiri ndikanamupha. Ndinayamba ndi phala lamadzimadzi lofunda, ndikumunyambititsa pa zala. Pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo, ine ndikudya pambali pake. Atayamba kudzutsa mutu ndinasinjiramo usipa, kenako dzira, kenako nthongo zoviika mu msuzi wa mafupa. Tsiku lina anasanza poti ndinafulumira, ndiye ndinabwereranso pa phala. Lero nthiti zabisika, ubweya wamera m'chiuno muja, ndipo sabata yatha anauwa a Elifala mpaka anakwera pa ngolo. Iness akuti nanenso ndanenepa, ati tikuchira mopikisana.

Tsopano ndili pa ntchito ina, yovuta kuposa yoyambayo. Ndikumasula lamulo limene ndinamumanga nalo ndekha. Masana Iness amabwera kudzadyera ku chisakasa. Anthu akudabwa kuona bambo akudya ndi mwana wake wamkazi, koma adabwe. Poyamba ndinkaika dzanja langa pansi pa dzanja lake, galuyo n'kulandira. Kenako ndinayamba kuchotsa langa. Amandiyang'ana kaye, ine n'kugwedeza mutu, ndipamene amadya. Lester nayenso wayamba kuyesa, ndipo ukadzabwera pa tchuthi udzayesa iwe.

Dzulo ndinachita ngati ndikupita kukhola, n'kuima kuseri kwa mango. Iness anatambasula dzanja. Sitima anandifunafuna ndi maso, sanandione, anadikira pang'ono, kenako anadya. Anamaliza zonse mpaka kunyambita zala. Mtima unandipweteka pang'ono, sindikana. Koma ndi zimene ndikufuna. Ndakalamba, mwana wanga, ndipo ulendo wina ndikadzachoka pakhomo pano palibe amene adzathe kukanditenga. Ndikufuna tsiku limenelo iye adzadye.

Ndine bambo wako,
Obadiya.